Msana Wobwereka

A Levulo ali ndi zaka 62. Ndi mmisiri womanga nyumba, bambo wa ana anayi, ndipo mkazi wawo anamwalira. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa levulo yawo, chida choonera ngati khoma lawongoka, sabwereketsa munthu, ndipo khoma likapendekeka pang'ono amaligwetsa n'kuyambanso.

Nyumba zambiri zimene amanga, denga lake anakhoma ndi kalipentala mmodzi, amene anthu amangomutchula kuti Pusi chifukwa cha kukwera kwake. Anayamba kugwirira limodzi onse asanakwatire. A Levulo akamaliza khoma sankachoka. Ankatsala pansi kugwira makwerero ndi kupatsira malata, Pusi ali pamwamba. Makwerero ogwiridwa ndi munthu wina Pusi sankakwerapo.

"Enawa amagwira ndi dzanja limodzi, linalo lili pa foni," ankatero.

Pusi sanagwe padenga ayi. Anaterereka akutsitsa matabwa mu lole, msana n'kupweteka. Kuchipatala anamupatsa mapilisi amphamvu opha ululu, a masiku ochepa. Atatha anabwererako, adokotala anakana kuwonjezera. Anati akapume.

Kupuma kunalibe malo. Panali nyumba yodikira denga, mvula inali pafupi, mwini wake amabwera m'mawa uliwonse n'kumayang'ana kumwamba. Pusi amati akwere, amathera panjira.

Nzeru inachokera kwa a Levulo. "Ndikapita ineyo. Nkhalamba yonyamula njerwa ikati msana, ndani angaitsutse?"

Anayesezera kuseri kwa mulu wa mchenga. A Levulo anagwira m'chiuno n'kuyamba kutsimphina.

"Achimwene, mukuyenda ngati mwaponda msomali," Pusi anatero. "Msana sutsimphina. Wumitsani thupi. Pokhala pansi muziyamba mwagwira mpando."

"Chonchi?"

"Eya. Nkhope musawonjeze, yanu ndi yodwala kale."

Anaseka mpaka misozi. Tsiku lomwelo a Levulo anapita ku kachipatala kena kolipira, anabwerako ndi mapilisi. Denga linatha mvula isanagwe.

Zikanathera pomwepo. Koma mapilisi aja atatha Pusi anapemphanso, a Levulo anapitanso. Adokotala akayamba mafunso ambiri, iwo amasintha chipatala. Chaka chinatha akudwala msana wa mnzawo.

Maso anali nawo. Ankaona Pusi akuwodzera masana buledi ali m'manja. Ankaona misomali yophonya thabwa, zimene kale sizinkachitika. Munthu wanthabwala uja anayamba kukalipira ngakhale wopatsira madzi. M'mawa ankafika ali thukuta kamukamu, akameza mapilisi n'kukhala bwino. Ankamezanso ochuluka kuposa amene a Levulo ankabweretsa, ndiye kuti anali atapeza kwina kogula. Kumufunsa Pusi kukanakhala kudzifunsa okha.

Tsiku lina mkazi wa Pusi anafika pantchitopo mwamuna wake atapita kukatenga matabwa.

"Alamu, mnzanuyu akundithera m'manja. Mapilisi ndikuwapeza m'nsapato, m'bokosi la zida, paliponse. Msana sadandaulanso, koma kumwa sakusiya. Amene akumupatsayo ndikadzamudziwa, adzandiona. Inu ndiye amakumverani. Muyankhuleni."

A Levulo anapukuta levulo yawo ndi malaya, levulo yoyera kale. "Ndamva, mlamu."

Sanamuyankhule. Sabata yomweyo anakatenganso ena.

Munthu wogwira makwerero denga saliona, amalimva. Hamala ya Pusi a Levulo ankaidziwa kulira kwake. Tsiku limene inasiya kulira pakati pa lata, iwo anadikira kuti mwina akutenga misomali. Anaitana. Zii. Anakwera okha, pansi popanda wogwira.

Anamupeza atakhala pamsonga pa denga, mwendo uku mwendo uku, ali mtulo. Hamala inali m'manja, misomali ili kukamwa monga amachitira akalipentala. Thupi linali litapendekera mbali ya kumsewu, kumene pansi pake panali mulu wa njerwa. A Levulo anakwawa pamalata otentha, anamugwira lamba ndi dzanja limodzi, linalo n'kumachotsa misomali pamilomo umodziumodzi. Atamaliza ndi pamene anamudzutsa.

Atatsika onse, a Levulo anagoneka makwerero pansi n'kukhalapo.

"Imikani makwerero, achimwene. Malata atsala."

"Sukweranso."

"Ndinangotseka maso."

"Unagona. Mankhwalawa akupha."

Pusi anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Mankhwala ake ati? Amene mumabweretsa inuwo? Lero mwasanduka abusa?"

"Omwewo."

"Denga likamafunika msanga mumathamanga nokha ku chipatala. Pano mwaona kuti ndatha ntchito."

Zinali zoona. A Levulo anadzuka, anatsegula bokosi la zida la Pusi, anatenga mapilisi onse n'kuwaponya mu wilibala ya simenti yosakaniza kale, n'kuvundula ndi fosholo. Kwa iwo chinthu chopendekeka mankhwala ake ndi kugwetsa. Pusi anawatukwana mawu amene sanawatukwanepo chiyambire, anatola chipewa chake n'kumapita.

Uku kunali kulakwa kwachiwiri. Patapita masiku awiri, m'mawa, mlamu anawaimbira foni. Anakamupeza Pusi atadzipinda pansi m'chipinda, akunjenjemera, akusanza, m'mimba mwatseguka, miyendo ikungopalasa yokha. Atawaona anatembenukira kukhoma.

A Levulo anapita ku kachipatala koyamba kaja. Anakhala pa benchi, ndipo anazindikira kuti pokhala anayamba agwira m'mphepete, thupi atawumitsa. Chizolowezi. Atalowa, adokotala, mayi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, anawazindikira.

"Mwasowatu, bambo. Msana uli bwanji?"

"Msanawo si wanga."

Anafotokoza zonse ataimirira. Adokotala anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa a Levulo.

"Mukudziwa kuti mukanamupha? Ndi ine ndemwe mwandilowetsa m'mlandu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwatayanso mapilisi onse tsiku limodzi. Thupi lozolowera silisiyitsidwa choncho, bambo. Ndipo akakapeza ena panopa n'kumeza ambiri nthawi imodzi, akhoza kugona osadzukanso. Timachepetsa pang'onopang'ono, ife tikuyang'anira. Msana wakewo tiuonenso bwinobwino, ndipo pali mlangizi woti azikambirana naye. Koma abwere yekha, ndi pakamwa pake. Inu mwamuyankhulira mokwanira. Kunyumba ndani angasunge mankhwala?"

"Mkazi wake."

"Akudziwa kumene ankachokera?"

A Levulo anayang'ana pansi.

"Kawauzeni. Apo ayi, mnzanuyo akadzavutika adzabwera kwa inu mobisa, ndipo inu mudzagwiranso m'chiuno."

Anakapeza mlamu akuchapa zofunda kuseri kwa nyumba. A Levulo sanazungulire.

"Mlamu, munthu uja mumamufuna ndine. Ndinkanama ku chipatala kuti msana ndi wanga."

Mayiyo sanasiye kuchapa. Anafinya bulangete, analiyanika, anabwerera pa beseni.

"Tsiku lija ndinabwera kudzakulirirani, munali nawo m'thumba?"

"Ayi. Ndinakatenga pambuyo pake."

"Pambuyo pake." Anapukuta manja pa siketi. "Lowani mukamuuze za chipatalazo. Ine ndi inu tidzakamba tsiku lina. Lero ndilibe mphamvu."

Pusi poyamba anakana. Anati iye si chidakwa, si wamisala, anthu akamuona pa benchi ya mlangizi adzati chiyani.

"Azinena," anatero a Levulo. "Ine sindidzakutengeranso ngakhale limodzi. Makwerero sindigwira mpaka adokotala atanena. Ukafuna kukwera, peza wina."

"Mukundiopseza?"

"Ndikukuuza. Ndinayambitsa ndine, sindikukana. Koma kukutola pa njerwa, zimenezo sindichita."

Pusi anasanzanso, mkazi wake n'kumupukuta. Atapezako mpweya anati, "Mundipatse nsapato. Koma inu mukatsale panja. Mungakayambenso kudwala."

A Levulo anatsaladi panja pa chipatala, atakhala pa mpanda wa njerwa womangidwa mopendekeka, mpaka awiriwo anatuluka.

Sizinayende mowongoka. Patapita miyezi Pusi anakagulanso mapilisi kwa munthu amene ankamugulitsa mobisa kale, mkazi wake anawapeza, anabwereranso kwa adokotala n'kuyambira chapakati. Denga lija anamaliza ndi kalipentala wina. Eni nyumba ena atamva mphekesera anasiya kuwaitana onse awiri. A Levulo akafunsidwa amangoti Pusi akudwala ndipo akulandira chithandizo.

Amagwirabe limodzi. Pusi amayeza ndi kudula matabwa pansi, amakhoma zitseko ndi mafelemu. Nthabwala zinachepa. Masiku ena amadya atakhala pamodzi, masiku ena aliyense kwake. Mlamu amawayankha moni a Levulo ataima pakhomo, mpando sanawatulutsirebe.

Mankhwala a Pusi amasunga ndi mkazi wake, ndipo atsika kufika pa theka la pilisi patsiku. Kwa mlangizi Pusi amapita Lachiwiri lililonse. Adokotala sanamulolebe kukwera padenga.