Thako la Mfuti ya Abambo Lagwira

Ndinali pabwalo ndikuyanika makaka, manja ali mbuu ndi chinangwa, pamene wakabaza wochokera ku Balaka anakuwa asanatsike n'komwe: "Amama! Akalipentala akuti lagwira!" Ine lichero uko, mpango uko, nthungululu mpaka nkhuku balala. Lagwira ee, thako la mfuti ya abambo anga lagwira!

Mundimve bwino, si mfuti yolira iyayi. Abambo anapita kunkhondo ya azungu ali mnyamata, anabwerako ndi mfuti. Zitsulo zake aboma anadzatenga ine ndisanabadwe. Chinatsala ndi thabwa lija limatsamira paphewa, lomwe timati thako. Limenelo ndilo ankatsogolera nalo beni, gule wathu woguba ngati asilikali, pa ukwati uliwonse kwathu kuno ku Nkaya. Akaliika paphewa abambo, fumbi koboo, amayi kumbuyo akupukusa mutu.

Atatisiya, tinalisomeka kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, pomwe timapachika chimanga cha mbewu kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chiswe sichinalilawe, zoona. Koma moto unaliumitsa gwa, chaka ndi chaka. Tsiku lomwe ndinalitsitsa kuti likavine pa ukwati wa mdzukulu wanga, mayo ine, mng'alu kuyambira pakhosi mpaka pakati, woti udzu n'kulowa.

Achimwene anga, eni mbumba, anabwera kuchokera ku Chikweo komwe anakwatira. Analitembenuza n'kuti, "Chemwali, chafa chafa. Ku Balaka kuli bambo wogula zinthu zakale. Tigulitse lisanagawike pawiri."

"Achimwene, mugulitse phewa la abambo?"

"Phewa la abambo lili kumanda. Ichi n'chikuni."

Tinakangana mpaka tinapangana: likakonzeka likhala pakhomo, likakana ligulitsidwe.

Mkamwini wanga anathamangira hamala. "Apongozi, misomali iwiri basi." Ndinati pepani bambo, denga munakhoma lija likutidonthera mpaka lero.

Ndinalikulunga m'chitenje ngati khanda, ulendo wa ku Balaka, kwa akalipentala a kuseri kwa msika. Iwo analinunkhiza n'kuseka. "Amama, mwaliwamba ngati mlamba wa ku Chiuta!" Anati msomali ukanalimaliza. Anayamba kutsuka mwaye mumng'alumo ndi sipiriti ndi nthenga ya nkhuku, poti guluu sagwira pa mwaye ndi mafuta. Anati likauma athira guluu, alowetsa tizikhomo tamtengo, amanga ndi mphira za chubu cha njinga. Koma kulonjeza anakana. Thabwa lomwa utsi, akuti, nthawi zina limalavula guluu.

Kenaka anatola sandipepa. "Ndidzalipale liwale, ndipake vanishi?"

"Iyayi! Pakuda apo ndi pomwe abambo ankagunditsa tsaya. Musapakhudze."

Ndinabwerera manja lendee. Masiku amenewo ndikaswali ndinkapempha za ana, za mvula, kumapeto ndinkanong'oneza za thabwa, mwamanyazi.

Ndiye uthenga uja utafika, m'mawa mwake tinapita ndi achimwene kukalitenga. Mng'alu unatsala ngati tsitsi limodzi, woufuna ndi chikhadabo. Koma wogula zakale uja anali atamva kale, tinamupeza atakhala pa benchi. Analinyamula mosamala, analoza tizidindo tating'ono tomwe ife sitinkatiwona n'komwe, n'kuti mukanapala zonsezi zikanafufutika, likanakhala thabwa wamba. Chifukwa simunapale, ndipereka chakuti. Chimene anatchulacho sindilemba pano, chingakudwalitseni mutu.

Ndinawaona achimwene akumeza malovu. Pangano linalipo, inde, koma eni mbumba akasintha mawu, mlongo atani? Ndiponso chaka chimenecho thonje lawo silinachite bwino, ndinkadziwa.

Achimwene anati, "Tabweretsani ndilione." Analikweza, analiika paphewa, tsaya lawo linakagwera pakuda paja ndendende. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka phazi pansi di! Linanso di! Nkhalamba ya mawondo olira ija kuguba pakati pa utuchi, akalipentala akuimba ng'oma pa thabwa la chitseko cha eni ake.

Ataima, wefuwefu, anati, "Bwana, pepani. Lili ndi ntchito pa ukwati Loweruka."

Ine kugwada pautuchi pomwepo, Alihamudulila, Alihamudulila!

Tinafika kumudzi dzuwa likupendeka, pabwalo padzaza kale. Anabwera achemwali anga aakulu ndi ndodo yawo, anabwera alamu a ku Chikweo, anabwera ashehe akuti angodutsa koma sanachoke. Anabwera mkamwini wa misomali, anabwera amake a mkwati ndi azakhali ake awiri, anabwera anzanga a kuchigayo ufa uli m'mutu. Anabwera agogo ogulitsa zigumu pasiteshoni, aneba athu achikatolika ndi mapasa awo, oimba ng'oma a tsidya la njanji, ndi mdzukulu wanga mwini ukwati, akuseka mano onse panja.