Mtengo wokhuta suchiza

Ababa, lero ndalira ku labotale anzanga akuona. Paja timalera maselo a mtengo wa mwimbi m'mabotolo kuti azitulutsa mankhwala. Omwe ndinawadyetsa bwino akula msanga, koma mankhwala ake ndi ochepa. Omwe ndinawamana chakudya ndiwo atulutsa ambiri.

Pomwepo ndakumbukira tsiku lija ku Golomoti, mutakana kusenda khungwa la mwimbi wobiriwira wa kumtsinje, n'kundiyendetsa padzuwa mpaka pa wokwinimbira wa kumtunda. Munati, "Mwanawe, mtengo wokhuta suchiza." Ine, podalira Fomu 4 yanga, ndinakusekani kuti n'zachikale. Inu munangopitiriza kusenda. Papita zaka zitatu chitisiyireni. Lero ndiye ndafuna kupepesa, Ababa, koma ndikapepese kwa yani?