Chaka chimene tinathawa kalembera

Ndikukumbukira chaka chimene mudzi wathu wonse unathawa kalembera. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, kumunsi kwa Chikwawa. Moyo wathu unali dimba la bambo anga. Madzi osefukira akaphwa ankasiya dothi lakuda lonunkhira matope, ndipo m'menemo tinkadzala chimanga ndi mbatata pamene kumtunda kunali fumbi lokhalokha. Popanda dimbalo ife sitikanadya.

Nkhani inayambira pa wailesi ya pagolosale. Inati aphungu ku Nyumba ya Malamulo akukambirana za malo a boma ndi momwe angawagwiritsire ntchito. Pasanapite nthawi tinamvanso kuti kukubwera alembi odzawerenga aliyense, khomo ndi khomo. Amene analumikiza nkhani ziwirizi ndi a Zuze, mnzawo wa bambo, amene anadulapo nzimbe kuesiteti ndipo ankayenda ngati munthu wodziwa zinsinsi za dziko.

"Ine ndinaona ndi maso angawa," ananong'ona pakhonde pathu, uku akusuzumira kunjira. "Amayamba ndi kukuwerengani kuti adziwe malole osamutsira anthu afunika angati. Kenako thirakitala."

"Nanga tikakana kuwerengedwa?" anafunsa mayi anga.

"Nkhabe, mlamu, ayi ndithu! Kukana boma masiku ano? Mukufuna musowe?"

Masiku a chipani chimodzi munthu sunkadziwa amene akukumvetsera. Ngakhale mwini golosale tinkamukayikira, chifukwa ankaseka kwambiri ndi anyamata ogulitsa makhadi a chipani. Tsono palibe amene anakana. Anthu anangokumbukira mwadzidzidzi kuti mvuu zavuta kumadimba. Kwathu si chachilendo banja kusamukira kudimba m'chilimwe, kukagona m'misasa kulondera chimanga, choncho panalibe wotiimba mlandu. Kungoti chaka chimenecho ngakhale makanda anapita kukalondera mvuu.

Tinakwera mabwato ndi mphasa zathu n'kulowa m'bango. Ine ntchito yanga inali kubereka mng'ono wanga ndi kumutonthoza msanga tikamva mawu achilendo. Udzudzu unatidya kosasewera, ife tikudya nyika, timizu ta maluwa a m'madzi, ndi mlamba wowamba, koma kwa ine zinali ngati chibisalirano cha akuluakulu. M'mudzi munatsala okalamba okha. Alembi atafika, thukuta lili kamukamu, okalambawo anayankha monga anawaphunzitsira a Zuze, kuti ana awo onse anapita kutauni kalekale. Tinabwerera kumudzi monyadira, ndipo bambo anawagulira a Zuze kachasu.

Titaiwala zonsezo, kunabwera phungu wathu. Ankachokera kumtunda, kutali, ndipo ambiri tinali tisanamuonepo. Akuluakulu ankayembekeza kuti dera la phunguyo likadzagawidwa, ife a m'dambo tidzakhala ndi phungu wathuwathu, wodziwa fungo la matope. Pabwalo la sukulu panadzaza mpaka ana tinakwera m'mitengo. Magule atatha, phunguyo ananena zinthu ziwiri. Dera silidzagawidwa, chifukwa mbali yathu ili ndi anthu ochepa. Ndipo madimba a kumunsi kwa mudzi tsopano ndi malo a boma, adzadzalamo nzimbe.

"Ndinayesa kukuyankhulirani ku Nyumba ya Malamulo," anatero. "Koma anzanga anandifunsa kuti anthu ake ndi ati. Kalembera akuti kuno kuli nkhalamba zowerengeka."

Bambo anga, munthu wosayankhula pagulu, anaimirira. Ndinaona mayi akuwakoka malaya, koma iwo anapitiriza.

"Bwana, onani nokha. Kodi onsewa ndi nkhalamba?"

Phunguyo anamwaza maso pabwalo, ndipo ndikhulupirira kuti anaona. Koma amene anayankha ndi tcheyamani wa chipani, amene anakhala pambali pake. Anayankhula mofatsa, ngati akufunsa za kunyumba.

"Mwanena zoona, bambo. Tsono tiuzeni, tsiku la kalembera wa boma inu ndi onsewa munali kuti? Ndipo anakuuzani ndani kuti muchoke?"

Ndili mumtengo muja ndinaona a Zuze atazolika, akukanda pansi ndi chala. Bambo akanayankha zoona, mnzawoyo akanatengedwa tsiku lomwelo, mwinanso iwo eni. Choncho bambo anangokhala pansi. Msonkhano utatha anaomba m'manja pamodzi ndi aliyense, ndipo ine ndinalira osadziwa bwino chimene ndikulirira.

Zikhomo za malire a boma zinakhomedwa m'dimba mwathu chimanga chisanache. Patsogolo pake bambo analembedwa ntchito yodula nzimbe, ndipo masiku ena ankadula pamalo pomwe paja.

Mpaka lero ndimakayika ngati phungu uja anatiyankhuliradi. Mwina malowo anali atagawidwa kale alembi asananyamuke, mwina akanatiwerenga tonse thirakitala ikanabwerabe. Zimenezo sindidzazidziwa. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti anthu aja sanavutike n'kutitseka pakamwa. Tinadzitseka tokha m'bango muja, tikuyesa tachenjera, ndipo tsiku limene tinafuna kunena kuti tilipo, bambo anga anayenera kusankha pakati pa dimba ndi moyo wa mnzawo.