Bambo Anga ndi Gulugufe wa m'Chisanu

Bambo anga ntchito yawo inali yosadza mitengo m'nkhalango ya kumapeto kwa tauni, mmene anthu amapita kukawongola miyendo. Ankakwera makwerero sowo ili kumsana, n'kumadula nthambi zouma zisanagwere munthu pamutu. Anali munthu wosakonda zolankhula. Mukawafunsa mmene tsiku layendera, yankho linali lakuti, "Mitengo ilipo." Koma mungoyerekeza kutchula gulugufe wawo uja, tiyi ankachita kuzizirira m'kapu.

Si gulugufe wokongola ayi. Ndi kanthu kotuwa ngati khungwa, kaubweya pamsana, mtundu wa akadziwotche aja, koma iko kamauluka m'nyengo yachisanu, tizilombo tinzake tonse titabisala. Masana kamagona pansi pa masamba ouma. Dzuwa likapendeka kamatuluka kukanyambita timadzi totsekemera tochucha pamene padulidwa nthambi, choncho bambo ankadzitama kuti wokaphikira chakudya ndi iwo. Chifukwa cha kanthu kameneka ankakana kutentha milu ya masamba mpaka kunja kutafunda, ndipo anzawo kuntchito anawapatsa dzina loti a Milu. Mayi ankangoti, "Ine ndili pamitala, mkazi mnzanga ndi wamapiko."

Chimene chinkawagwira mtima kwambiri n'chakuti kanthuka sikangodzuka n'kuuluka. Kamayamba kanjenjemeretsa mapiko, thupi lonse lili gwedegwede, mpaka kamve kutentha, kenako n'kunyamuka. "Ukakaona kakunjenjemera usakamvere chisoni," ankatero. "Kakukoleza moto wake."

Chaka china, chisanu chitangoyamba, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Woyamba kuzindikira ndinali ine, chifukwa supuni inkalira m'kapu iwo asakutakasa. Ndinawafunsa.

"N'kuzizira uku, mwanawe. Ndikukoleza moto wanga."

Tinaseka, koma ine mtima sunali m'malo. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti kapitawo akangoliona dzanjalo, bambo sadzakweranso makwerero, ndipo bambo osakwera mumtengo ife sitinkawadziwa. Anayamba kuvala magolovesi ochindikala. Pamzere wa m'mawa kuntchito ankapisa manja m'matumba, ndipo kapitawo akamadutsa, bambowo ankauzira mpweya m'zikhatho n'kumadandaula za mphepo, iwo amene moyo wawo wonse ankaseka anthu oopa kuzizira.

Mayi anawachonderera kuti akaonane ndi dokotala. Iwo anati adzapita kunja kukafunda. Ine ndinapsa mtima, ndinawauza pamaso kuti kuuma mutu kwawoko tsiku lina kudzatibweretsera maliro pakhomo. Anangotenga tupa n'kuyamba kunola sowo, tupayo ikuphonyaphonya mano. M'mawa uliwonse akatuluka, mayi ankaima pazenera mpaka njinga yawo itakhota. Tinkachita mantha, ndipo panalibe amene ankawatchula mantha amenewo pa chakudya.

Kenako kunja kunafunda. Mitengo inayamba kuphukira, anthu anavula majuzi, koma bambo anali adakali m'magolovesi, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina ndinawalondola kunkhalango nthawi yoweruka, nditakonzeka kukangana nawo. Ndinawapeza atagwada pa mulu wa masamba, akuvundukula pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere. Munalibe kanthu, kupatula timapiko tingapo touma.

"Anzanga aja apita," anatero osandiyang'ana. "Aikira mazira m'ming'alu ya makungwa umu, pafupi ndi mphukira, kuti mbozi zikaswa zidzapeze masamba anthete. Ntchito yawo yatha."

Anavula magolovesi n'kuika dzanja lija pa thunthu la mtengo. Linkagunda khungwa ngati munthu akugogoda pachitseko. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Lero kwatentha, eti?"

"Kwatentha, bambo."

"Ndiye mawa udzandiperekeze. Tidzayambire kwa kapitawo, kenako kwa dokotala wa amayi akoyo."

Iwo anadzuka, nasasa maondo, n'kunena kuti milu ija tsopano ingathe kutenthedwa, mulibenso mwini wake. Anatulutsa machesi m'thumba. Mtengo wa machesi woyamba unathyoka, wina unagwera m'masamba usanayake. Anayesanso, bokosi likuchita phokoso m'dzanja mwawo, kenako anandipatsira.

"Yatsa ndiwe, mwanawe."