Kamzere ka Bersi pa Chitseko cha Udzu

Bersi wa ku Hvamm sanali munthu woipa. Sanamenyepo mkazi, Misa sankajomba, ndipo nkhosa za eni zikasochera ankazibweza yekha. Chimene chinkatopetsa anthu chinali mpeni wake. Atsibweni ake amene anamulera anamusiyira mpeniwo pamodzi ndi maruna, zilembo zija makolo ankazokota pamtengo Chikhristu chisanafike pachilumba pano. Ena amangolemba nazo mayina pa zikho, koma Bersi ankakhulupirira kuti runa iliyonse ili ndi ntchito yake, bola uizokote bwino, uipake magazi n'kuitchula dzina.

Mkazi wake Jofrid anakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu. Anapezapo maruna pa chipande, pa chipeso, kunsi kwa nsapato, ngakhalenso pa kamtanda kamene mayi ake anamusiyira. Wansembe anamudzudzula Bersi kawiri. Iye ankalapa moona mtima, misozi ili mbwembwembwe, kenaka pobwerera n'kuzokota runa pandodo kuti kulapako kugwire.

Chaka china chisanu chinakana kuchoka. Lenti inafika pakati chipale chofewa chikadali m'mawondo. Banjali linali ndi ng'ombe imodzi yokha, Skjalda, ndipo inali ndi bere. Ikanafa, mkaka ndi chambiko zikanatha, awiriwo n'kukakalambira pa ntchito ya m'nyumba za ena. Udzu wouma umene unatsala unali wa masabata awiri, kuipatsa motsina.

Tsiku lina Jofrid anapeza chitseko cha nyumba yosungiramo udzu chitamangidwa ndi chingwe, mwamuna wake ataima pambali akuyamwa chala.

"Mwatsekeranji, bambo?"

"Taonani apa, mayi."

Pachitseko panali kamzere kamodzi kowongoka, kofiira ndi magazi.

"Ndaona. Mwakanda chitseko."

"Ameneyu ndi Is, runa ya madzi oundana. Chimene wagwira sichisuntha. Mtsinje ukaundana umachepa ngati? Umangoima. Udzuwu tiusiye masiku asanu ndi anayi osatsegula, ukatero suchepanso mpaka chipale chisungunuke. Koma chitseko chikangotseguka, mphamvu yathawa."

"Nanga Skjalda azidya chiyani? Kamzereko?"

"Ndere za kunyanja. Ndizikatola ndekha."

"Ng'ombe ya bere, ndere zokhazokha. Kodi atsibweni anu aja anamwalira ali ndi ng'ombe zingati?"

"Analibe."

"Eya."

Jofrid sanadule chingwecho. Anali asanaphwanyepo mawu a mwamuna wake iye akuona, komanso magaziwo ankamuopsa pang'ono, ngakhale ankachita chizindikiro cha mtanda akamadutsa. Masiku awiri ng'ombe inadya ndere, m'mimba n'kutseguka. Tsiku lachitatu inagwada m'khola, inakana kudzuka.

Bersi atatsikira kunyanja ndi dengu lake, Jofrid anatenga khasu n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya udzu. Khoma lake linali la zibuma za dothi ndi mizu, zouma gwa ndi chisanu. Anagoba mpaka zala zinang'ambika, anachotsa zibuma zitatu, n'kukwawira m'kati ngati galu. Anatuluka ndi mtolo, anabwezera zibumazo n'kukwirira ndi chipale. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi iliyonse ankapempha Mulungu kuti amukhululukire poba udzu umene anamweta yekha. Skjalda inadzuka.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Bersi anasamba kumaso, anamasula chingwe n'kutsegula. Mulu wa udzu unali utatsika mpaka m'chiuno. Jofrid anayamba kumumvera chisoni, koma posakhalitsa anaona nkhope ya mwamunayo ikuwala.

"Ndamvetsa tsopano. Udzu waundana, n'chifukwa chake waphwa. Koma Is wagwira chachikulu, wagwira ng'ombe. Masiku onsewa ili pa ndere, taionani ili chiimire. Titsekenso ena asanu ndi anayi. Mawa ndikamuuza Ozur, iye ali ndi ng'ombe zinayi ndipo udzu wamuthera."

Ozur anali mnansi wawo, munthu wa ana asanu ndi awiri, wokhulupirira chilichonse chimene wauzidwa mofatsa.

Jofrid anamugwira Bersi pamkono wa malaya n'kumukokera kuseri. Anaponda khoma, zibuma zitatu zija n'kugwera m'kati. Kenaka anatambasula manja ake osweka pamaso pake.

"Is wanu ndi ameneyu."

Bersi anayang'ana bowo, anayang'ana manjawo, ndipo anawagwira mwachifundo ndithu.

"Pepani, mayi, zala zavulala zedi. Koma chitseko simunatsegule?"

"Sindinatsegule."

"Ndiye mphamvu inathawira pabowoli. Mukanapirira pang'ono, bwenzi udzu uli wodzaza."

Jofrid anabwerera kutsogolo, anadula zikopa zimene zinkagwira chitseko, anachisenza pamsana n'kukachilowetsa pansi pa bedi lawo. Akanachiwotcha, koma kuno thabwa limabwera ndi mafunde, silimera.

"Chitseko chanu mudzachiona Skjalda akabereka," anatero. "Ndipo mukapita kwa Ozur, ine ndifika kwa wansembe inu musanawoloke mtsinje."

Bersi sanapite. Masiku otsalawo mphepo inkalowetsa chipale m'nyumba ya udzu, ndipo ankachikokola ndi iyeyo, akung'ung'udza. Udzu unatha kutatsala masiku anayi kuti kufunde. Skjalda inali itafooka kwambiri moti amuna anayi anachita kuinyamula pamitengo kuti ikafike pa msipu woyamba. Mwana wake anabadwa wakufa, koma iyo inakhala moyo. Mkaka wa chaka chimenecho unali wochepa, komabe unawafikitsa.

Bersi anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi. Mlendo aliyense wogona ku Hvamm ankamva za chaka chimene Is anatsala pang'ono kupulumutsa udzu wonse, pakanapanda bowo lina kuseri. Jofrid ankapitiriza kupota ubweya wake. Mlendo akamufunsa ngati zinalidi choncho, ankangomufunsa ngati akufuna chambiko china.