Mankhwala Onse M'chitini

Apongozi anga anabwera kudzakhala nafe ku Ndirande matipate atangoyamba kumene, akuti kudzandithandiza kulera mwana. Kulerako ankalera ndithu, sindikana, koma kulamula ndiye kunali patsogolo. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo napolo anamuona ndi maso awo akukokolola midzi. Choncho mitambo ikangoda kuphiri, iwo mtima unkakhala m'mwamba.

"Nyumba yanuyi yayandikana ndi mtsinje wa Nasolo," ankatero. "Tsiku lina madzi adzatseka njira. Mwana akadzadwala mudzam'patsa chiyani, demokalase?"

Anapeza chitini chakale cha mabisiketi n'kuyamba kudzazamo zinthu: panado, aspirini, fansida wa malungo, jivi wopaka pazilonda, ndi kansalu koyera komangira bala. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali timaphukusi tawo ta shuga ndi mchere, toyeza monga anatiphunzitsira kusikelo, kamodzi pa botolo la madzi owiritsa mwana akatsegula m'mimba. Ankamanga m'timapulasitiki, ndendende mmene mavenda amamangira soda pamsika. Ine ndinkawaseka. "Amayi, kodi mukutsegula golosale?" Iwo ankangondiyang'ana cham'mbali n'kupitiriza kumanga.

Tsikulo mvula inayamba kusanache, yosalekeza. Madzi atayamba kulowa pansi pa chitseko, apongozi anakuwira mwana wawo, amuna anga, amene ankavala jombo kuti athamangire kuntchito ku Makata.

"Iwe, usanachoke, mankhwala onse uike m'chitini, chitinicho pamwamba pa kabati. Onse, wamva?"

Amuna anga mayi awo sankawayankha kawiri. Anatolera zonse mofulumira n'kutuluka.

Chakumasana mwana anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha. Kanthawi kochepa maso analowa, liwombo linalowa, kulira komwe kunamukanika. Kamlatho kathu ka pa Nasolo kanali katamira kale, ndipo chaka chimenecho kolera anali atanyamula kale ana awiri m'dera lathu. Ndinatsitsa chitini, ndinatenga kaphukusi koyamba kamene dzanja linagwira, n'kukhuthulira m'botolo. Ndinakhutchumula, ndinathira m'kapu, ndinamunyamula mwana mutu.

"Tabweretsa kuno," anatero apongozi.

Chinali chizolowezi chawo, chimene chinkandipsetsa mtima tsiku lililonse: chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana, kaya phala kaya tiyi, ankayamba alawa iwo. Kwawo amati wopereka ndiye amayamba kumwa. Ine ndinkaona ngati akundinena kuti ndine mfiti.

"Amayi, ino si nthawi ya zimenezo! Mwana akufa uyu!"

Anandilanda kapu. Analawa, n'kukwinya nkhope. "Mchere uli kuti umu?" Anamwanso kuti atsimikize, ulendo uno kumeza ndithu. Kenaka anakankhira kapu ija kutali ndi ine. "Ichi si changa. Sindinamange ine ichi. Usam'patse."

Ndinkati ndikangane nawo, abale, ndinkati ndikangane nawo! Ndinali nditatambasula kale dzanja kuti nditengenso kapuyo. Koma thukuta linali litayamba kuwatsika, mvula ili chigwere, kukuzizira. Anagwira pamimba, anasanza, malovu akungotuluka m'kamwa osaima. Anakhala pansi m'madzi momwemo, miyendo ikugwedezeka.

Mayo ine! Ndinakuwa mpaka anthu a mzere wonse anatulukira. Mayi wina woyandikana nafe, wogulitsa mandasi, anandilanda mwana n'kuthamanga naye kwake, kukasungunula shuga ndi mchere wa m'khitchini mwake. Azibambo anawaika apongozi pa wilibala, n'kuzungulira njira yakumtunda mpaka kumsewu, kumene anaimitsa minibasi.

Amuna anga anandipeza pakhonde la chipatala, zovala zili nyowe. Ndinawaonetsa kapulasitiki kaja, kali ndi tiufa toyera totsalira pakona. Anakayang'ana n'kukazindikira pomwepo.

"Awa ndi a makoswe. Ndinagula dzulo kwa venda. Anali pansi pa bedi."

"Ndiye m'chitini anakafuna chiyani?"

"Amayi anati mankhwala onse."

Ndinkafuna kuwamenya, kuwang'amba malaya, koma ndikanawatsutsa pati? A mutu timati mankhwala, a makoswe mankhwala, a anankafumbwe mankhwala, ngakhale a asing'anga. Munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga, anamvera mayi ake mpaka liwu lomaliza. Anakhala pansi pasimenti n'kugwira mutu, ndipo ine sindinawatonthoze.

Madokotala anayesetsa, ndinaona ndekha. Koma apongozi anali okalamba, ndipo njira yozungulira ija inadya nthawi. Mmawa mwake anatsegula maso pang'ono. Mwana wawo anali kumutu kwa bedi akulira, iwo osam'yang'ana n'komwe. Maso awo ankafuna ine. Ndinawerama kuti ndimve, chifukwa mawu ankatuluka movutikira.

"Anamwako?"

"Ayi, amayi. Ngakhale dontho. Ali kwa aneba, wayamba kuyamwa."

"Basi," anatero.

Sanayankhulenso. Dzuwa lisanafike pamutu, anamwino anatiuza kuti tituluke panja.