Dzinja limene tiyi anada ngati inki

Tinali ndi ketulo yopindika pakamwa, imene mayi ankaphikiramo tiyi wa bambo asanapite kukathyola masamba ku esiteti. Dzinja limene kolera anabuka kumalaini kwathu, ku nyumba za antchito a paesitetipo, ketuloyo inada m'kati ndipo sinayerenso.

Mtsinje umene tinkatungako unali utafiira ndi matope, ndipo zimbudzi za kumtunda zinali zitagumukira momwemo. Mayi anatiletsa kupondako, nayamba kutunga pamjigo watsopano wa kusukulu. Madzi ake ankatuluka oyera mbee, koma ankanunkha msomali wadzimbiri, ndipo ukangoponyamo masamba, tiyi ankada bii.

Bambo anakana kumwa. Munthu wothyola tiyi amadziwa maonekedwe a tiyi kuposa nkhope ya mkazi wake. "Madzi awa muli chinthu," ankatero, "ndibwezereni a kumtsinje." Anansi ambiri anabwereradi kumtsinje. Amalume, a mpingo wa Sabata, amene tiyi salawa n'komwe, ankaseka kuti Mulungu wayamba kuwalalikira bambo kudzera m'ketulo. Lero ndimaona kuti mayi anali okhaokha pa nkhondo imeneyo, poti ifenso ana tinkadana ndi fungo la madzi a kumjigo.

Amene anatimasula ndi aphunzitsi a pasukulupo, mayi atawadandaulira pamjigo pomwepo. Anati madzi a pansi pa nthaka amasungunula chitsulo cha m'miyala, ndipo chitsulocho chikakumana ndi tiyi chimada, koma si poizoni. Anawauza kuti madziwo aziwagoneka m'beseni lovindikira ndi nsalu yokha, kuti mpweya uziwafika. Kutacha, pansi pa beseni panali patakhala dzimbiri lofiira. Mayi anatsanula apamwambawo, akumwa anathiramo kolorini wa alangizi a zaumoyo, ena anaphikira tiyi. Anatuluka wofiira bwinobwino. Bambo anamwa, napempha wina, ndipo kupepesa kwawo kunathera pomwepo.

Mvula inatha tonse tili moyo, ngakhale kuti nyumba zina za pa laini yathu zinalira maliro. Mpaka pano ndikakumbukira ndimapumira m'mwamba.

Dzinja lonselo, m'mawa uliwonse, mayi ankatitsina khungu la pamimba, ine ndi mng'ono wanga, n'kuliyang'anitsitsa. Ndinkalira kuti ndalakwanji. Sindinkadziwa kuti khungu likabwerera msanga ndiye kuti thupi silinathe madzi, ndipo mayi ankatha kupita kuntchito mtima uli m'malo.